Msinkhu Sunakwane

Lero kuchipatala kuno ku Al Twar ndimamanga kachibangiri kapepala pamkono pa wodwala, guluu wake n'kundinunkhira. Fungo lomwe lija la tsiku la kupaki.

Ndinali mwana pamene ine ndi bambo tinabwera ku Dubai kudzaona amayi, amene ankalera mwana wa abwana awo ku Al Warqa. Panali patapita zaka tisanaonane. Ulendowo unadya njinga yamoto ya bambo, matikiti a kupaki yamasewera n'kumaliza zotsala. Pageti anatimanga zibangiri zapepala.

Tinaima pamzere wa kasitima kothamanga m'mwamba, dzuwa likuswa mtengo, nsapato zimene amayi anandigulira zikungovuka. Titafika kutsogolo, mayi wa ku Zambia wogwira ntchito pamenepo anandiimika pandodo yoyezera. Mzere wofiira unali pamwamba pa mutu wanga.

"Pepani amai, msinkhu sunakwane."

"Wakwana," anatero amayi. "Ndi wamsinkhu umodzi ndi wa abwana anga. Uja amakwera nthawi zonse."

"Sindikunena zaka, amai."

Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anayang'ana bambo. Bambo anali maso pa chikwangwani cha Chiarabu, chimene sankatha kuwerenga.

Tinayesa pena. Ndodo inali yomweyo.

Tinakhala pabenchi, anthu akukuwa m'mwambamo. Sindinalire. Amayi anazunguliza zala ziwiri pamkono panga, zalazo zinakumana n'kupitirira. Atandisiya, chibangiri chija chinatsetsereka chokha n'kugwa pansi. Palibe anachitola.