Tsiku Limene Amayi Anathira Okha Mchere

Fungo la polishi wofiira wa pansi likasakanikirana ndi la mitengo ya paini yonyowa, mtima wanga umabwerera ku Zomba. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, m'zaka zoyambirira za matipate, pamene bambo anatitenga ine ndi mlongo wanga Dalitso kuchoka kwathu ku Phalombe kukakhala m'nyumba ya alendo ina m'munsi mwa phiri, kumtunda kwa tauni. Inali nyengo ya chisanu. M'mawa chifunga chinkatsika m'phirimo n'kuphimba madenga onse, ndipo madzi ankadontha m'masamba ngakhale kunalibe mvula.

Bambo anatiuza kuti anthu akatifunsa tiziti tikukaona tauni. Koma kwathu aliyense ankadziwa chimene tinkatsata. Amayi anali ku chipatala cha odwala maganizo kuyambira nyengo ya dzinja, ndipo anzanga kusukulu sankasowa chondinena nacho tikayambana pa fulaye.

Matenda awo anayamba ndi maliro. Chaka chimenecho tinataya mng'ono wanga Mphatso asanayambe n'kukwawa komwe. Anatupa masaya ndi timiyendo, kenaka anatisiya. Pasiwa amayi ena ankanong'onezana kuti limenelo ndi tsempho. Kwathu pali masiku ena amene mzimayi sathira mchere m'ndiwo, amaitana mwana wamng'ono kuti amuthirire, ndipo akaphonya mwambowu amati ana amatupa. Manong'onong'owo anawafika amayi, ndipo anakhulupirira kuti dzanja lawo ndi limene linapha mwana. Kuyambira pamenepo sanakhudzenso mchere tsiku lina lililonse. Ndiwo zikatsala pang'ono kupsa, ankangokuwa dzina langa, "Esinati!" Ine ndinkasiya masanje n'kuthamanga, kutapa mchere ndi tizala tanga, kuwaza mumphika, iwo atayang'ana kumbali. Ndinkainyadira kwambiri ntchito imeneyi, moti ndinkayenda ngati pakhomo ponse pakudya chifukwa cha ine. Pambuyo pake amayi anasiya kugona, anasiya kuyankhula, ndipo bambo anawakweza basi ya ku Zomba.

Tsono adokotala anali atanena kuti amayi ayesedwe kaye kunja kwa chipatala masiku angapo, ali ndi banja lawo, pafupi ndithu. Akaoneka bwino tipita nawo kwathu, apo ayi abwerera kuwodi. Zimenezi bambo anandiuza m'basi ndi mawu apansipansi, Dalitso atagona pamiyendo pawo.

Ine ndinkaganiza kuti nyumba ya alendo ndi chipinda ndi bedi basi, monga zija za pa depoti. Iyi inali ina. Ankaitcha fulati, ndipo inali pamwamba pa inzake, yokwera pa masitepe a simenti. Munali pabalaza pokhala ndi mipando ya khushoni, zipinda ziwiri zogona, bafa la madzi otentha a pampopi, ndiponso khitchini yakeyake. M'kabati munali mapoto, mbale, masipuni, ngakhale mthiko womwe, zonse zongodikira munthu woti aphike. Mayi amene anatipatsa makiyi anationetsa mmene amayatsira kuka yamagetsi, n'kutisiya. Ine ndinayenda nyumba yonse ndikufunafuna eni ake, poti sindinkamvetsa kuti munthu angachoke n'kusiya mapoto ake ndi anthu osawadziwa. Dalitso anatsegula filiji n'kulowetsamo mutu, ndipo anapitiriza kutero mpaka tsiku lochoka.

Masana ake bambo anabwera ndi amayi. Tinawaonera pawindo akukwera mtunda pang'onopang'ono, bambo atanyamula kachikwama, amayi atafunda chitenje pamwamba pa juzi. Anali atameta tsitsi, nkhope itadzaza pang'ono, ndipo ankayenda ngati munthu wosenza ndowa yodzaza madzi. Ndinawathamangira pa masitepe. Ankanunkhira sopo wachilendo, osati utsi wa nkhuni umene ndinkaudziwa. Anandisisita m'mutu nati, "Wakula, mwanawe." Dalitso anabisala kumbuyo kwa bambo, ndipo zimenezi zinandiwawa kuposa mmene ndikanafotokozera.

Atalowa, sanakhale pampando. Anapita molunjika kukhitchini, natsegula kabati iliyonse, nagwira poto aliyense, nanunkhiza mthiko uja. Kenaka anatsuka zonse, ngakhale zinali zoyera kale. Bambo anaima pakhomo n'kumawayang'ana.

M'mawa mwake tinatsikira kumsika tonse anayi. Msika wa Zomba unali ndi zonse: matemba a ku Chilwa ataunjikidwa pa mapepala, mpunga wonunkhira m'mabeseni, nandolo, mbatesi za m'phiri zofiira khungu, kabichi wamkulu ngati mutu wa Dalitso. Amayi sanayankhule kwambiri, koma manja awo ankadziwa ntchito. Ankapotokola nyemba kuti aone ngati ndi zachaka chino, ankakana tomato wofewa. Pofika pa benchi ya mchere anapitirira ngati sakuuona, ndipo bambo ndi amene anabwerera kukagula kapepala kake n'kukaika m'thumba la jekete.

Tsiku limenelo amayi anaphika matemba otendera. Kuka yamagetsi inawavuta poyamba, chifukwa moto wosaoneka malawi sadziwa kuusonkhezera, ndipo anaiyankhula mawu angapo osayenera kumva ana. Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka ndinamva mawu aja amene ndinawasowa miyezi yonseyi: "Esinati!" Ndinathamanga, ndinatapa, ndinawaza. Amayi anayang'ana kuwindo mpaka nditamaliza. Ine ndinasangalala kuti zonse zabwerera mwakale, koma nditacheuka ndinapeza kuti kuseka kwa bambo kwatha.

Madzulo ake kunabwera azakhali athu, mlongo wawo wa bambo, amene ankakhala ku Mbedza. Anakwera masitepe akupumira m'mwamba, atasenza dengu la zakudya zophikaphika. Asanakhale n'komwe anayamba kudandaula.

"Achimwene, mwandichititsa manyazi. Ine ndili m'tauni momwe muno, inu n'kumakagona kwa eni ake ngati mulibe m'bale? Anthu a kutchalitchi akamva anditenga bwanji?"

Anali munthu wabwino azakhaliwo, koma chikondi chawo chinali chaphokoso. Anawagwira amayi m'mapewa n'kuwakhazika pampando, nati alamu apume, asagwirenso poto, chakudya azibweretsa iwo tsiku ndi tsiku. Polowa kukhitchini kukatenga mbale, ndinawaona akukulunga mpeni m'kansalu n'kuuponya m'dengu mwawo. Amayi nawonso anaona, ndipo anangoweramitsa mutu n'kumapinda ngodya ya chitenje.

Bambo anawaperekeza azakhali mpaka pansi. Ine ndinawatsatira, poti makutu anga sankadziwa kukhala malo amodzi. Ndinamva bambo akunena mofatsa kuti, "Achemwali, kwanu mukanawasamala bwino, ndikudziwa. Koma simukanawalola kuyandikira moto. Ine ndafuna nyumba yoti mphika ukhale wawo. Bwezani mpeniwo." Azakhali anang'ung'udza, anapukuta m'maso, koma mpeni anabweza.

Masiku otsatira anayenda mofanana. Tinkadzuka kukuzizira, amayi n'kutisambitsa madzi otentha a pampopi, akupukusa mutu kuti madzi angatenthe bwanji popanda nkhuni. Ankasesa masitepe onse mpaka pansi, ngakhale panali wantchito wosesa, ndipo ankapatsa moni zitseko zotseka za anthu a m'mafulati ena, amene ankangotuluka n'kulowa osafunsana kuti mwadzuka bwanji. Tsiku lina tinakwera phiri pa galimoto yonyamula matabwa. Kumwambako kunali zii, mphepo yokha ikulira m'mapaini, ndipo bambo anatigulira mabulosi ofiira kwa anthu ogulitsa m'mbali mwa msewu. Amayi anadya amodzi, nakwinya nkhope chifukwa cha kuwawasa, ndipo anaseka. Bambo anayang'ana kumbali msanga ngati aona chinthu chosayenera kuchiyang'anitsitsa. Koma pofika nthawi ya ndiwo, dzina langa linkamvekabe.

Tsiku loti mawa lake tikaonane ndi adokotala, amayi anatereka nyemba kuyambira m'mawa. Ine ndinali nditapeza mnzanga m'fulati ya pansi, mwana wa aphunzitsi ena a ku yunivesite amene ankadikira kuti nyumba yawo ikonzedwe. Kwawoko kunali wailesi ya kanema, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo, ndipo ndinakhala pamkeka kukamwa kuli yasa mpaka dzuwa kufika pamutu. Kwathu mayi akaitana, mawu amadutsa mabwalo atatu, ndipo ngati mwana wake palibe, wa pakhomo lina amabwera kudzathira mcherewo. Kuno makoma anali okhuthala, mawindo otseka chifukwa cha chisanu, ndipo panalibe mwana woyendayenda. Dalitso anali atagona. Amayi anaitana mpaka kutopa, ine ndinamva kamodzi kotsiriza, kakumveka kutali ngati kochokera m'chitsime.

Ndinakwera masitepe chothamanga. Nditafika pakhomo la khitchini, bambo anatambasula dzanja n'kunditsekera njira. Sanandiyang'ane n'komwe. Ndinayesa kudutsa pansi pake, koma anandigwira paphewa mwamphamvu.

Amayi anali ataima chotifulatira. Nyemba zinkabwata, madzi ake atatsala pang'ono kuphwa, ndipo kapepala ka mchere kanali pambali pa kuka.

"Wabwera mwanayo?" anafunsa osacheuka.

"Wabwera," anayankha bambo. "Koma amake Esinati, muno mulibe wina wotiona. Ndife tokha. Ndiwozo ndi zanu."

"Nanga ana akatupa?"

"Ndiyamba kudya ndine."

Ndinkamva kubwata kwa poto ndi kulira kwa filiji. Kenaka ndinaona dzanja la amayi likunyamuka. Anatapa mchere wodzaza chikhatho, naugwira pamwamba pa poto, natsegula zala. Atatero anavundula msangamsanga, navundikira, nakhala pansi pomwepo pa simenti yozizira, atatsamira kabati. Bambo anandisiya n'kukakhala nawo pansipo, ndi thalauzi lawo la kuntchito.

Ine ndinapsa mtima. Ndinalira mokuwa kuti andilanda ntchito yanga, ndipo palibe amene anandinyengerera. Pa chakudya ndinaumitsa nkhope. Nyembazo zinali zowawa mchere moti lilime linkachita kuluma, poti dzanja la amayi linali litaiwala muyeso. Ndinanena mosabisa kuti ine ndikanathira sizikanatere. Bambo anadya mbale yawo yonse, anawonjezera, namwa makapu a madzi otsatizana, akuti sanadyepo nyemba zokoma chonchi. Dalitso anadya chifukwa Dalitso ankadya chilichonse. Inenso njala inandigonjetsa. Amayi sanadye kwenikweni, ankangotsatira ndi maso nthongo iliyonse imene tinkaika mkamwa.

M'mawa kusanayere bwino ndinamva manja ozizira kumapazi kwanga. Amayi anali atagwada m'mbali mwa bedi, atavundukula bulangeti. Anadina ndi chala chachikulu pa kakolo wanga, nachotsa, nayang'anitsitsa. Anadinanso mwendo wina. Anandigwira masaya onse awiri, natembenuzira nkhope yanga kuwindo kumene kuwala kunkalowera. Anachita chimodzimodzi kwa Dalitso, amene anangotembenuka n'kupitiriza tulo. Kenaka anaika chipumi chawo pamapazi anga, ndipo ndinamva mapazi akunyowa ndi kufunda.

"Amayi, mukufuna matekenya?" ndinafunsa. "Ndilibe."

"Ulibe, mwana wanga," anatero. "Ulibe chilichonse."

Tsiku limenelo bambo anapita nawo kwa adokotala, ndipo masana anabwera nawonso, atanyamula mankhwala a kunyumba. Amayi anatsuka mapoto onse, anakolopa, nabweza chilichonse pamalo pake. Tinakwera basi ya ku Phalombe tili anayi.

Sikuti anachiriratu tsiku limenelo. Mankhwala anamwa zaka zambiri, ndipo panali nyengo zina zimene ankakhalanso chete. Koma kuchipatala sanagonekedwenso, ndipo dzina langa sankalikuwanso pa nthawi ya ndiwo, kupatula masiku aja amene mzimayi aliyense wa kwathu amaitana mwana.

Kwa nthawi yaitali ndinkaukumbukira ulendo wa ku Zomba ngati ulendo umene bambo ananditsekera pakhomo popanda chifukwa, amayi n'kuwononga nyemba zabwinobwino. Ndinkaganiza kuti pamene ndinkathamangira kukathira mchere ndinkawathandiza amayi, ndipo mwina ndinkawathandizadi mmene mwana angathere. Ndinadzazindikira ndili ndi ana anga kuti nthawi iliyonse imene ankandiitana, ankakhala akundiuza kuti akuopa kundipha. M'mawa uja, pamene ine ndinkaganiza za matekenya, amayi anga anali atachezera usiku wonse osatseka maso, kudikira kuti kuche aone ngati ana amene adya za m'dzanja lawo akadali bwinobwino.