Mlendo wa ku Nyenyezi Analibe Malume

Tinanyamuka ku Chowe dzuwa lisanayambe kuwawa, tili anthu atatu: malume anga Che Bwanali, a Momade, ndi ine Kasimu. A Momade ndi telala wa ku Mozambiki amene anathawa nkhondo kudzera ku Chiponde, ndipo amasoka pakhonde la golosale kwathu. Anafunsira mbeta chemwali anga a Patuma. Chemwali analola, amayi analola, koma malume, eni ake a mbumba, anangopukusa mutu.

"Za ukwati sindingakambe ndi mnyamata. Ndikambe ndi malume ake. Ali kuti?"

A Momade anati malume awo ali ku Nkope, amasoka maukonde kumeneko.

"Chabwino, tikawaone ndi maso. Tikakapeza kulibe, unyamule makina akowo, usadzapondenso pakhomo pano."

Ulendo wake unali umenewo. Ine amayi anandituma kuti ndikakhale maso awo, kuiwala kuti maso omwewa anabwezedwapo kusukulu chifukwa chopaka chitedze pampando wa aphunzitsi a masamu.

Pamsewu waukulu tinakwera lole yodzaza ndi matumba a nandolo, K1.50 munthu mmodzi mpaka pa boma. Potsika mapiri aja mabuleki ankalira ngati mbuzi yomangidwa, ndipo pakona paliponse matumba ankatisuntha tonse mbali imodzi. Mayi wina wonyamula nkhuku anayang'ana a Momade, omwe anavala malaya oyera ositidwa bwino, nafunsa malume, "Awa ndi akamwini?"

"Ndi wokwera mnzathu," anatero malume.

A Momade anangoyang'ana nkhuku.

Pamlatho wa Shire panali apolisi. Galimoto zimadutsapo imodziimodzi, choncho wapolisi anali ndi nthawi yokwanira yotiwerenga nkhope. Atafika pa a Momade ndinaona manja awo akugwira thumba la nandolo mwamphamvu. Ine ndinati ndiwathandize, ndinamuponyera wapolisiyo chizungu changa cha Folomu 3. Anandiyankha m'Chichewa cha ku Dedza: "Iwe, tseka pakamwa." Kenaka anafunsa a Momade kuti malayawo anagula kuti. Atamva kuti anasoka okha, anagwira kolala, naitembenuza, nati, "Dzanja lilipo," n'kutiuza tizipita.

Pa depoti tinapeza basi ya ku Monkey Bay itapita kale. Anatiuza kuti tidikire matola a masana. Tinalowa m'tiyirumu, tinamwa tiyi wamkaka ndi masikono, malume akuviika sikono yawo m'kapu. Kunja kunkatentha moti phula linkamata patapata. Apa m'pamene ndinaona chikwangwani kuseri kwa msika: vidiyo, 50 tambala, chithunzi cha chinthu chowala chili pamwamba pa munda. Anzanga a kusukulu anali atandiuza za filimu imeneyi teremu yonse. Kuisiya sindikanatha, komanso kusiya malume pa depoti sindikanaloledwa.

"Malume, apo akuonetsa kanema wa alangizi. Za chimanga cha haibulidi."

"Wa alangizi amakhala waulere."

"Waulere uja ndi wakuda ndi woyera. Uyu ndi wa mitundu, chimanga chimaoneka chobiriwira."

Analipira okha, atatu tonse.

Nyumba yake inali shedi ya malata, mazenera atatsekedwa ndi ziguduli, mabenchi odzaza, fungo la thukuta ndi nsomba, jenereta ikugunda kuseri. M'nyumba zoterezi mumakhala munthu woima pafupi ndi wailesi ya kanema, womasulira zimene azungu akunena. Tsiku limenelo womasulirayo anali atagona ndi malungo. Mwini vidiyo anafunsa ngati muli mwana wasukulu. Dzanja langa linakwera lokha. Kunena zoona, chizungu cha ku Amereka chotulukira m'mphuno chija ndimangotolamo liwu apa ndi apo. Koma ndani akanadziwa?

Tepiyo inali yakale, mizere ikuyendayenda pagalasi. Mwamwayi wanga filimu inayambira m'munda wa chimanga.

"Si icho, malume?"

"Mizere yake yowongoka," anavomera malume, nakhala bwino.

Kenaka kumwamba kunang'anima. Chinthu chachikulu ngati lichero lovundikira, chozunguliridwa ndi nyali, chinatsika pang'onopang'ono n'kudzakhala pakati pa mundawo, chimanga chonse phwasu.

"Subuhanala!" anatero malume. "Kasimu, alangizi ake ndi amenewa?"

Chitseko cha lichero chinatseguka. Munatuluka chinthu chachitali, chowonda ngati bango, mutu ngati chipanda, chopanda makutu, chopanda chovala. Mwana wina analira. Mayi wina kumbuyo anati, "Ndalama zogulira ndege yonseyi anazipeza, koma thalauza linamukanika?" Msodzi amene anakhala pafupi ndi malume sankachiyang'ana n'komwe chinthucho. Maso ake anali pa nyali. "Nyali zimenezo kuziika pa bwato," anatero, "usipa wa nyanja yonse ungabwere wokha, mpaka wa ku Likoma."

Asilikali anafika ndi magalimoto, nazungulira munda. Mkulu wawo anali wofiira khosi, wokalipa. Panalinso mzimayi wa chikhoti choyera amene anayandikira mlendoyo yekha osaopa. Mlendo anatulutsa mawu ngati chule wa m'dambo. Nyumba yonse inandiyang'ana. Ine ndinayang'ana a Momade atakhala mwaulemu ndi malaya awo oyera, ndipo satana anandinong'oneza.

"Akuti: Odi kuno! Kwathu kwayaka moto, ndathawa. Koma ndaona mbeta iyo yavala zoyerayo, ndaikonda."

Anthu anaseka mpaka benchi ina inagwa. Mkulu wa asilikali anakuwa china chake.

"Awa akuti: Malume ako ali kuti?"

Ndinawatsina a Momade. "Alamu, mwamuona m'bale wanu?" Sanaseke. Ine ndinasekera tonse awiri.

Pamenepo bambo wina wa tayi anaimirira. Anati ndi mphunzitsi, anachokera ku Ntcheu, ndipo filimuyi anaionera ali kukoleji. "Mwana uyu akunama! Iyi ndi filimu yotchuka dziko lonse. Ikufunsa ngati anthufe tili tokha m'chilengedwe, ndiponso ngati tingathe kulankhulana ndi cholengedwa chosafanana nafe. Mulibemo za mbeta!"

"Khalani pansi aphunzitsi, mukutitchinga!"

"Tilipira kuti timve za mbeta ife!"

Anakhala pansi akudzuma. Ine ndinapitiriza, ndipo ndinanona. Mkulu wa asilikali akatsegula pakamwa, ndinkati akufunsa za malume. Mzimayi wa chikhoti akalankhula, ndinkati akuchonderera kuti, "Bambo, ndamukonda choncho, makutu si kanthu." Kenaka mlendo uja anatambasula manja ake ataliatali, opanda kanthu.

"Akuti: Ndilibe. Anatsalira kumoto."

Sindinadziwe chimene chinkabwera, poti filimuyi ndinali ndisanaionerepo. Msilikali wina wamantha anawombera. Mlendo anagwada m'chimanga muja, madzi obiriwira akutuluka paphewa.

Malume anadzambatuka, kofia n'kugwa pansi. Anaima patsogolo pa galasi akuloza mkulu wa asilikali ndi chala.

"Asitafurulai! Zitsiru inu! Munthu wachokera ku nyenyezi, kwawo kwapsa, mukufuna abwere ndi malume m'thumba? Mwamupatsa madzi akumwa? Mwamuyalira mphasa? Munthu wanena odi, inu mukuyankha ndi mfuti!"

Shedi inagwedezeka ndi m'manja. Msodzi uja anawatolera kofia n'kuipukuta. Ine pakamwa panali yasaa. Msampha ndinatchera a Momade, koma wokodwa anali malume, miyendo yonse iwiri.

Zitatero filimu inalusa. Ndege za chikapa za asilikali zinabwera zikuuluka chapansipansi, mabomba akuphulika, anthu a m'tauni akuthawa. Mwini vidiyo anakweza mawu mpaka malata ankanjenjemera. Nditacheuka, pamalo pa a Momade panalibe munthu. Amayi awiri a kumbuyo nawonso ankatuluka, atatseka ana awo makutu.

A Momade tinawapeza panja, atakhala pansi pafumbi ndi malaya oyera aja, msana atatsamira khoma la chigayo.

"Ndi filimu chabe, alamu," ndinatero.

"Ndikudziwa." Anapuma kaye. "Koma amene anaipangawo sanathawepo nkhondo. Mwawaona anthu aja? Akuthawa akukuwa, manja lendelende, akucheuka kuti aone. Pothawa sukuwa, Kasimu. Umagwira mwana pakamwa kuti asalire. Ndipo sucheuka."

Malume anapita kumpopi, nabwera ndi madzi m'chitini, nawapatsa a Momade. Mapeto a filimu sitinawaone.

Anatiuza ndi aphunzitsi aja, atatipeza pa depoti malume atangobwera kumene kumzikiti kopemphera swala ya masana. Anandiyang'ana ngati ndawabera choko, nauza malume kuti mlendo uja sanafe, anachira n'kubwerera kwawo, ndipo uthenga wa filimuyo ndi wozama.

"Anapita ndi mkazi uja?" anafunsa malume.

"Bambo, za mkazi munalibemo."

"Ndiye kuti anamumana. Anthu oipa."

Aphunzitsi anapukusa mutu, nachoka.

Matola a ku Nkope inali pikapu yopanda chitseko cha kumbuyo, K2 munthu mmodzi, tili pamwamba pa mabokosi a sopo ndi zigubu za palafini. Msodzi wa nyali uja anakwera nawo. Msewu umenewo ndi wa milambe ndi migwalangwa, anyamata akuimika magalimoto ndi chambo chomanga pa mlaza. Pa Nkopola tinadutsa azungu awiri ovala makabudula, ofiira ngati nkhanu, akuchokera kumahotela. Malume anawayang'ana mpaka anazimiririka.

"Abale awo a asilikali aja," anatero.

Pa Makawa dalaivala anaima kuthira madzi mu injini, ife tinagula chinangwa chophika ndi utaka wootcha. A Momade chawo sanadye. Galimoto itangonyamukanso anasendera pafupi ndi malume, nalankhula motsitsa, moti ndinamva chifukwa choti khutu langa linazolowera ntchito imeneyi.

"Che Bwanali, ndinene tisanafike, ndingakuchititseni manyazi pa anthu. A Alide a ku Nkope si malume anga a magazi. Malume anga enieni anaphedwa tsiku limene tinathawa, ndinawasiya pabwalo osawaika. A Alide anandipeza m'tchire mwendo utatupa, anandibereka mpaka kumalire. Wina ndilibe."

Malume anayang'ana kutsogolo, nsagwada zikuyenda popanda chotafuna. M'maganizo ndinaona kale makina osokera ali pamutu pa a Momade, chemwali akulira kuseri kwa nkhokwe. Msodzi uja sanamve kanthu chifukwa cha mphepo. Anasankha nthawi yomweyo kugwira malume pabondo.

"Ambuje, lero mwalankhula! Malume m'thumba! Ndikawauza anzanga kudoko, akaseka mpaka mawa. Anthu ngati inu ndi ochepa."

Malume anamuyang'ana, anayang'ana a Momade, kenaka anandiyang'ana ine nthawi yaitali kwambiri. Ndinapeza kuti milambe ya m'mbali mwa msewu ndi yochititsa chidwi zedi.

Tinatsika pa Nkope dzuwa likadali m'mwamba. Tinadutsa pakati pa matandala oyanikapo usipa, ntchentche zikutiperekeza, mpaka pansi pa mtengo pamene mkulu wina wa imvi ankasoka ukonde ataukola ndi chala chakuphazi. Ataona a Momade nkhope inawala, koma ataona malume inazima. Anapatsana salamu, anafunsana za kumudzi, za mvula, za nsomba. Mkuluyo, yemwe anali a Alide aja, anaika pansi chosokera chake.

"Bambo, mwayenda mtunda. Ine zoona zake za mnyamatayu..."

"Sindinafunse zoona zake," anadula malume. "Ndafunsa ichi: akadzamuzunza mwana wathu, tidzabwere kwa inu?"

A Alide anawayang'ana malume m'maso.

"Mudzabwere. Koma mudzapeza nditayamba kale ine kumukwapula."

"Basi. Ndinu amalume ake. Tiyalireni mphasa tikambe."

A Momade anatembenukira kunyanja, akunamizira kuti m'maso mwalowa mchenga. Ine ndinayamba kuvina pang'ono, koma dzanja la malume linandipeza khutu n'kulipotoza ngati akutsegula wailesi.

"Iwe. Chimanga cha haibulidi chija chili kuti?"

"Munachiona nokha, malume. Munati mizere yake yowongoka."

Khutu limenelo linatupa mpaka tinabwerera ku Chowe, koma silinafe.

Pa ulendowu ndaphunzira kuti filimu ya azungu imakoma ikapeza womasulira wopanda mantha. Ndaphunziranso kuti pothawa sukuwa, ndipo chimenecho sindichiseweretsa. Malume mpaka lero amafotokozera anzawo pamzikiti za mnyamata wa ku nyenyezi amene anamanidwa mkazi ku Amereka, ndipo nthawi iliyonse amakwiya mwatsopano. Amayi atamva zonse anati ndipepese. Ndipepese chiyani? Akanamasulira aphunzitsi aja, bwenzi tonse titadziwa ngati tili tokha m'chilengedwe, chemwali ali mbeta. Pano a Momade akundisokera thalauza lovala paukwati. Ndawauza kuti aike matumba akuluakulu, mwina tsiku lina ndidzafuna kunyamuliramo malume.