Injini Imene A Sandalamu Anagula

Pa Bangula palibe amene sawadziwa a Augustino Sandalamu, ngakhale achinyamata ambiri amangowadziwa ngati mkulu wamtali uja amene amalima chitowe kuseri kwa siteshoni yakale. Ine ndine Witness. Ndili ndi kashopu pamsika momwe ndimakonza mafoni ndi makompyuta, kuika nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi, ndi kutayipira anthu makalata. Zambiri zimene ndifotokoze pano zinachitikira m'shopu mwangamo. Zina anandiuza okha, nthawi imene tinali kugwirizana.

Bambo awo anachokera ku Mutarara, nadzakwatira kwa Tengani. A Sandalamu anabadwira komweko, ndipo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anakalembedwa ntchito ya kunjanji ku Limbe. Anayamba ndi kupaka girizi ndi kulumikiza mabogi a sitima. Panapita zaka khumi ndi ziwiri asanaloledwe kukhala pampando wa dalaivala. Njira yawo inali yotsika mapiri: Luchenza, Sandama, Thekerani, Makhanga, kuwoloka Shire pa Chiromo, kenaka Bangula mpaka Nsanje. Akamayandikira Bangula ankaliza hutala katatu kuti akazi awo, mayi Clotilda, adziwe kuti afika bwino.

Mu 1997 madzi anakokolola njanji pa Chiromo, pamalo amene lero timati Mtayamoyo. Anthu a kunjanji anauzidwa kuti apirire, pakonzedwa posachedwa. A Sandalamu anapirira zaka ziwiri, akuyendetsa sitima yothera pa Makhanga, mpaka kalata yowachotsa ntchito inawapeza. Anabwerera ku Bangula ndi sutukesi, yunifomu ziwiri ndi buku la malamulo a njanji. Analima thonje, thonje linawagwetsa mphwayi, nayamba chitowe. Udzu unamera pakati pa njanji, ndipo anthu anayamba kuyanikapo mapira.

Kompyuta inabwera mu 2021. Mkamwini wawo Humphrey, mwamuna wa mwana wawo Priska, amagwira ntchito ku Joni, ndipo anabweretsa kompyuta yakale yoti adzukulu aziphunzirira. Kunyumba kwa a Sandalamu kulibe magetsi, choncho anandipempha kuti ikhale m'shopu mwanga. Ndikuiyesa, ndinapezamo gemu yakalekale yoyendetsa sitima. Ndinaitsegula mongoseka. Mkuluyo anali ataimirira kumbuyo kwanga.

"Ukulakwitsa," anatero. "Sungachoke pasiteshoni mabuleki asanadzaze mpweya. Tasuntha."

Kuyambira tsiku limenelo ankafika eyiti koloko m'mawa, malaya atapisira, nsapato zopolisha. Anaphunzira kiyibodi ndi zala ziwiri. Sitima za m'gemumo zinali za kwa azungu, zamagetsi, zoyenda m'mayiko ozizira amene iwo sanawaonepo, koma ankaziyendetsa mosaseka n'komwe, osadutsa liwiro, osaphonya nthawi. Sankati akusewera. Munthu akawafunsa panjira ankati akupita ku ntchito. Mayi Clotilda sizinkawasangalatsa.

"Mbalame zikutha mapira kumunda," ankatero akabwera kudzawatenga, "inu muli pano kuyendetsa sitima ya m'galasi. Yanyamula ndani?"

Tsiku lina masana, kukutentha moti fani inkangotembenuza mpweya wamoto, ndinamva akundiitana ndi mawu achilendo.

"Witness, tabwera. Iyi ndi yanga."

Anali atatsegula tsamba la masitima amene gemuyo sinkalola kuyendetsa. Zithunzi zake zinali zotuwa, chilichonse chili ndi kachizindikiro ka loko. Chala chawo chinali pa injini ya dizilo, ya mphuno yaifupi.

"Mtundu womwewu ndauyendetsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Taona makwerero awa. Apa ndinathyokapo chala. Ndi chifukwa chiyani aikhoma?"

Ndinawafotokozera kuti eni gemu amagulitsa zinthu zina padera. Gemu uli nayo, koma injini zina ndi njira zina umagula pa intaneti, n'kuzidawunilodi, n'kuziwonjezera. Imeneyi inalembedwa kuti imabwera ndi njira ya mu Afrika.

"Ndiye tigule," anatero.

Kunena kunali kosavuta. Kugula kunkafuna khadi ya kubanki yolipira kunja, ndipo chaka chimenecho ndalama zakunja zinkasowa m'dziko muno. A Sandalamu anakwera minibasi kupita kubanki ku Nchalo. Ulendo woyamba anawauza kuti netiweki palibe. Wachiwiri anawapatsa fomu. Wachitatu mtsikana wapakauntala anawafunsa kuti akufuna kulipira chiyani kunjako, mankhwala kapena sukulu. Iwo, posadziwa kunama, anayankha kuti injini ya sitima ya m'gemu. Mtsikanayo anaitana mnzake kuti adzamve nawo, ndipo onse awiri anaseka. Anabwerako madzulo, fumbi lili m'tsitsi, nakhala pabenchi langa.

"Ndanyamulapo anthu mazanamazana m'mapiri a Thekerani mvula ikugwa, osagwetsa ngakhale mmodzi," anatero. "Lero kamwana kakundiseka."

Ndine ndinapereka nzeru yoti Humphrey alipire ndi khadi yake ku Joni. Humphrey anavomera, nati ndi mphatso, koma a Sandalamu anakana. Chinthu chopatsidwa, anatero, mwini wake amatha kuchifunanso. Atagulitsa chitowe anatumiza ndalama kwa Priska ku Blantyre. Pambuyo pake ndinamva kuti mayi Clotilda ankayembekezera kuti chitowe chimenecho chigule malata a kuchipinda kodontha.

Kudawunilodi kunatitengera masiku anayi. Bandulo inkatha. Netiweki inkathawa. Tsiku lachiwiri kamzere kapasikirini katatsala pang'ono kudzaza, magetsi anazima, ndipo atayaka tinayambiranso pachiyambi. Tsiku lachitatu ndinabwereka jenereta kwa wometa tsitsi wapafupi. Mkuluyo sankachoka. Ankabwera ndi mbatata yowotcha m'thumba, n'kumayang'anira kamzereko ngati mlonda.

Lachisanu m'mawa loko uja anachoka. Anakhala pampando, napukuta manja pa thalauza, natsegula. Tinapezeka tili m'kati mwa injini. Kenaka anayamba kuloza chimodzichimodzi: ichi cha mpweya, ichi cha mafuta, apa pogwira pa mabuleki, apa pamene ankapachika botolo la tiyi. Zonse zinali m'malo mwake. Atayatsa injini, anapendeketsa mutu n'kumvetsera.

"Takhuta, mwana wanga," anandiuza m'Chisena. Sanandithokozepo chotero n'kale lonse.

Koma sitima itanyamuka, nkhope inasintha. Kunja kwa windo kunali chipululu chachikasu, mtengo umodzi apa ndi apo, ndi nyama zakutchire zitaima m'mbali mwa njanji. Masiteshoni anali opanda mayina odziwika, opanda munthu ndi mmodzi yemwe.

"Afrika wawoyu, anthu anapita kuti?" anafunsa. "Pa Thekerani amayi ankathamangira pawindo ndi nthochi ndi nanazi. Pa Makhanga nsomba, mbuzi, njinga, phokoso. Awa aika njovu. Ine njovu ndinaigundapo liti?"

Komabe sanaisiye. Masiteshoni opanda anthuwo anawapatsa mayina awo. Woyamba anati Luchenza, wachiwiri Sandama, ndipo pa mlatho umene unali kumapeto ankachepetsa liwiro ngakhale gemu sinkafuna, n'kunena kuti pa Chiromo sipathamangidwa. Anzawo awiri akale a kunjanji anabwerapo kudzaonerera, nakangana nawo za magiya ngati anyamata. Milungu isanu ndi umodzi imeneyo ndi yokhayo imene ndinawaona a Sandalamu akuseka mano onse.

Lolemba lina gemu inakana kutsegula injiniyo. Panatuluka uthenga wachingerezi wonena kuti ifuna ilumikizidwe ku intaneti kuti itsimikize zogula. Ndinalumikiza. Panatuluka uthenga wina: kampani yatseka sitolo ya gemu yakaleyi, ndipo zowonjezera zake sizitsimikizikanso. Ofuna kupitiriza agule gemu yatsopano. Gemu yatsopanoyo kompyuta yathu sikanaikwanitsa ngakhale kuiyatsa, ndipo injini yawo inkagulitsidwanso mmenemo padera. Loko anabwerera pamalo pake.

Ndinayesa zonse zimene ndimadziwa. Ndinafufuta n'kuikanso. Ndinabweza deti la kompyuta m'mbuyo. Ndinalemba kalata kukampaniyo, ndipo yankho linabwera mphindi yomweyo, loonekeratu kuti silinalembedwe ndi munthu. Linati malinga ndi mgwirizano umene tinavomera, chimene tinagula ndi chilolezo chogwiritsa ntchito, ndipo chilolezocho chikhoza kutha. Ndinawamasulira.

"Mgwirizano uti? Ine ndinasayina pati?"

"Pamene tinkaika paja, bambo, panali kabokosi kovomera. Ndinadina ine."

"Unawerenga?"

"Palibe amene amawerenga zimenezija."

"Ukagula mbuzi, mwini wake wakale amabwera kudzaimasula pakhola pako? Ndiye ine ndinagula chiyani, Witness?"

Kampani inali kutsidya kwa nyanja, yopanda nkhope, yopanda khomo loti munthu n'kukagogodapo. Ine ndinali pompo. Ndine ndinawaonetsa gemu, ndine ndinabweretsa nzeru ya khadi, ndine ndinadina kabokosi. Sipanathe sabata, nkhani inamveka pamsika kuti Witness wagulitsa injini ya a Sandalamu kwa munthu wina ku Nchalo. Mayi Clotilda anabwera pashopu makasitomala alipo.

"Mwamuna wanga ndi wokalamba, koma si chitsiru," anakuwa. "Munamupusitsa ndi zithunzi, chipinda changa chikudontha. Nkhabe, ayi ndithu! Mulungu akuonani."

Ndinayesa kufotokoza, koma kodi munthu ungamuuze bwanji kuti chinthu chili m'kompyutamo ndithu, chonse, koma n'chokhoma ndipo kiyi anataya ndi eni ake? Priska anaimba foni kuwauza makolo ake kuti ine ndilibe mlandu. Iwo anati ana a masiku ano amaikirana kumbuyo. Tsiku lotsatira a Sandalamu anabwera ndi njinga, namangirira kompyuta pakaliyala ndi malegeni, osandipatsa moni. Inakakhala kunyumba kopanda magetsi kuja, atayifunditsa chitenje. Makasitomala ena a kutchalitchi kwawo anasiya kubwera kwa ine, ndipo mpaka lero amapita kwa wina kuseri kwa depoti.

Papita zaka zitatu. Maso awo achita ng'ala, ndipo kumunda amapita mdzukulu atawagwira dzanja. Tinakumana pamaliro kwa Tengani chaka chatha. Ndinagwada pafupi nawo n'kuwapatsa moni. Anazindikira mawu anga, nayankha kuti ali bwino, kenaka anatembenukira kwa munthu amene anali mbali inayo n'kuyamba kufunsa za mtengo wa feteleza.

Nthawi imene tinkadawunilodi, ndinasunga kope la mafayilo onse a injiniyo pa hadi diski yanga, poopa kuti magetsi angationongerenso. Anakhala pamenepo zaka zonsezi. Ndinkaganiza kuti mwina tsiku lina wina adzapeza njira yowatsegulira, ndipo ndidzanyamula laputopu kupita nayo kwawo. Mwezi watha hadi diski inadzaza. Kunabwera mayi wina wa lesitilanti wofuna mafilimu makumi awiri omasuliridwa m'Chichewa, oti azionetsa makasitomala ake, ndipo malo oikapo atsopano panalibe. Ndinayang'ana foda ya mafayilo a injini ija, ndinayang'ana mayiyo amene anali ataima ndi fulashi m'manja akundifulumizitsa, ndipo ndinaifufuta.