Debe la malume ndi nyemba za kalongonda

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume anga, a Namakhwa, cha m'ma 1950, nditangomaliza Sitandade 6. Ndinali kwathu ku Limbuli ndikupalira chimanga cha amayi pamene iwo anatulukira pa njinga. "Mlongo," anatero kwa amayi, "mwana wodziwa pensulo asakalambire pa khasu. Ndipatse ndikamuyese kuphiri." M'mawa mwake ndinakwera pakaliyala, ulendo wa ku Likhubula.

Malume anali kapitawo wa kampani ina yocheka mkungudza pa Chambe. Ocheka ankagwira awiriawiri, wina pamwamba pa chipika, mnzake m'dzenje pansi pake, n'kumakoka sowo motsata mzere wa chingwe chopaka makala. Onyamula ankasenza matabwawo pa nkhata n'kutsika nawo phiri lonse opanda nsapato. Ine ndinali kalaliki wa patsinde, ndipo zida zanga zinali buku la mayina, tepi yoyezera, choko, pensulo ndi kabotolo ka inki. Thabwa likafika ndinkaliyeza, kulilemba ndi choko, kenako kuchonga tikiti ya amene walibweretsa. Ndinkadzimva ndithu, pensulo ili kukhutu ngakhale popita kukasamba.

Malume sanali munthu woipa, ndipo ntchito ankaidziwa kuposa wina aliyense. Vuto lawo linali limodzi: sankaiwala. Ukawayankha mwamwano lero, mawa thabwa laliwisi, lolemera ngati mwala, linkakhala lako. Ntchito ikachepa, dzina lako ndi limene linkayamba kuchoka m'buku.

Dzinja lina wonyamula wina anaterereka ndi thabwa nathyoka mwendo. Anthu anadandaula mpaka mwini kampani analola kuti apange bungwe, asankhe pulezidenti wowalankhulira pa za katundu ndi masiku a mvula. Anaima awiri: malume, ndi a Likaka, wocheka wa m'dzenje, bambo wa maso ofiira ndi utuchi amene sankadziwa kunong'ona. Malume anati tikweze manja, koma a Likaka anakana. "Dzanja m'mwamba lero, mawa thabwa laliwisi pamutu. Ayi, bambo." Tinagwirizana kuti aliyense akaponye nyemba ya kalongonda kuseri kwa mpanda waudzu, kumene sakuonedwa. Anati woyendetsa chisankhocho ndikhale ine, popeza buku linali m'manja mwanga.

Ndinakonzekera ndi mtima wonse. Ife Alomwe kalongonda satisowa, ukapisa m'thumba la munthu upezamo, choncho ndinawerenga nyemba imodzi pa dzina lililonse, n'kuziviika mu inki, n'kuziyanika pa thabwa kuti yochokera kunyumba idziwike. Zoponyamo anabweretsa ndi malume: debe la palafini lopanda kanthu likhale lawo, dengu likhale la a Likaka. Anati osadziwa kuwerenga asasokonezeke, ndipo ine ndinayamikira nzeruyo. Uchitsiru wanga unali pamenepo.

Chisankho chinachitika Loweruka masana titaweruka. Ndinakhala pakhomo la mpanda ndi buku, kuitana dzina, kupereka nyemba, kuchonga. Malume anakhala pa chipika chogundana ndi mpandawo, akusenda mzimbe. Woyamba analowa, ndipo tonse tinamva: ngwee! Malume anagwedeza mutu. Wachiwiri, ngwee! Wachitatu anali a Pasani, wonyamula wa ana asanu. Analowa, kunali zii, natuluka. Malume analavula chikhutu cha mzimbe nanena mofatsa kuti, "Zikomo, a Pasani. Tamva."

Nkhope ya a Pasani sindidzaiwala. Otsatira anayi onse anali ngwee, ngwee, ndipo mmodzi anachita kuponya mwamphamvu kuti pasakhale chikaiko. Apo m'pamene ndinazindikira kuti mpanda wanga ukubisa maso okha, makutu ayi.

Ndinachita mantha, ndisaname. Munthu amene anakhala pa chipikayo ndi amene anandichotsa pa khasu, ndipo kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, sutsutsana naye pagulu. Ndikanatha kungopitiriza kuitana mayina, palibe akanandiloza chala. Koma ndinayang'ana mzere wa anthu aja, aliyense akuyembekeza nyemba yochokera m'dzanja langa, ndipo ndinatseka buku.

"Chisankho chaima," ndinatero.

"Mphwanga, watani?" anafunsa malume.

"Malume, debe likulankhula."

Ena anaseka pang'ono, koma ataona nkhope ya malume anameza kusekako.

"Kodi anakubweretsa kuno ndani?"

"Ndinu, malume."

"Ndiye?"

"Ndiye sindikufuna anthu adzanene kuti a Namakhwa anapambana ndi makutu. Ngati akukufunani, akufunanibe debe litakhala chete."

Malume anaika mzimbe wawo pansi. Kukana sakanatha, chifukwa kukana kunali kuvomera kuti debelo analibweretsa dala. Anangoti, "Chita, bwana kalaliki."

Ndinakhuthula debe ndi dengu pamaso pa onse n'kusakaniza nyembazo. Tinapeza madengu awiri ofanana, n'kuthiramo utuchi wa mkungudza mpaka theka, n'kumanga chiguduli pamwamba, chokhala ndi kabowo kongokwana nyemba. Pa dengu lina ndinamangirira wezulo ya malume yoitanira antchito, pa linzake tupa ya a Likaka yonolera sowo. Awiriwo ndinawapempha kuti akakhale limodzi pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi mpanda, pamene aliyense ankawaona. Tinayambiranso pa dzina loyamba. Munthu ankalowa, kunali zii, n'kutuluka. Pofika pakati ndinaona kuti anthu ayamba kutuluka atadzutsa mutu, ena akumwetulira. Langa linali dzina lomaliza m'buku, ndipo nanenso ndinalowa n'kuponya.

Kuwerenga sitinachitire kuseri. Madengu ananyamula anthu awiri, mmodzi wosankhidwa ndi malume, wina ndi a Likaka, n'kuwaika pa thabwa pakati pa bwalo. Ndinapeta utuchi ndi lichero, n'kumakweza nyemba imodziimodzi, gulu lonse likuwerenga mokweza. M'dengu la a Likaka munapezeka imodzi yopanda inki. Ndinaikweza kuti onse aione, kenako ndinaiponya kutchire. Anthu a Likaka anang'ung'udza, koma mwini wake anawaletsa. "Musiyeni. Wadzudzula malume ake, alekera ine?" Nyemba za inki zinakwanirana ndendende ndi mayina a m'buku. A Likaka anapambana ndi nyemba imodzi.

Malume anaimirira, napereka dzanja kwa a Likaka, natenga njinga yawo osandiyang'ana. Lolemba m'mawa anandilanda pensulo n'kundipatsa nkhata. Miyezi itatu ndinasenza matabwa kuchokera pa Chambe, ine ndi a Pasani, ndipo aawisi onse ankatipeza ife. Khosi linauma, mapazi anang'ambika. A Pasani ndinawapepesa, chifukwa amene anawaika poyera ndinali ine posaganizira za debe lija. Iwo anangoseka n'kundiphunzitsa kupinda nkhata kuti isaterereke. Komabe m'miyezi imeneyo, ndikakumana ndi amadala m'njira, ankapatuka kuti ndidutse ndi thabwa langa, ena akuti, "Dutsani, a kalaliki." Ulemu woposa umenewo sindinaulandirenso kwina kulikonse kumene ndinagwira ntchito. Pambuyo pake a Likaka analankhula ndi mwini kampani, ndipo ndinabwerera pa buku, a Pasani nawonso anapeputsidwa.

Ndakalamba tsopano, ndipo ndaona dziko likusankha pulezidenti kangapo. Nthawi zonse ndikafika pamalo oponyera voti ndimayang'ana zinthu ziwiri zimene ndinaphunzira tsiku lija: poponya pabisike mpaka khutu lisamve, powerenga paonekere mpaka wogonja asowe chonena.

Malume anandikhululukira pang'onopang'ono, ndipo atadwala matenda awo omaliza ndinkawadwazika ndine. Tsiku lina masana, titakhala awiri pakhonde, anandigwira dzanja.

"Mphwanga, ndapirira nalo funsoli zaka zonsezi. Nyemba imodzi ija. Yako unaponya kuti?"

Ndinkawakonda malume, ndipo ndinaona kuti akufunitsitsa kudziwa.

"Malume, ndikakuuzani, ndiye kuti matabwa aja ndinasenzera chabe."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wa mlongo wanga, mutu ngati chipika," anatero, koma dzanja langa sanalisiye. Anamwalira patapita masabata awiri asakudziwa, ndipo mpaka lero palibe amene ndinamuuza.