Deki ya Amayi ndi Kabokosi ka Amalume

Deki yathu ya kanema inkakhala pamwamba pa kabati, yofunditsidwa kansalu koluka. Tepi tinali nayo imodzi yokha, ya ukwati wa azakhali, momwe malemu bambo ankaoneka akulangiza akwati, kenako n'kuvina moseketsa. Mawu awo sanatsale kwina kulikonse.

Dzinja limenelo, zipani zitangochuluka, magetsi a ku Bangwe sankazima mwaulemu. Ankayamba afiira, babu n'kusanduka khala la moto, kuwala pang'ono, kufiiranso. Deki inkasokonezeka: manambala a kutsogolo osawerengeka, mabatani osamva, koma mota ikukokabe. Ine ndinkaima pakhomo, ndikumva tepi ikukhwinyata m'katimo.

Amalume, amene ankakonza mawailesi pamsika, anafotokoza mpaka kuuma kukhosi. Ankati m'dekimo muli kachipangizo kolamula zonse, ndipo mphamvu ikamatsika pang'onopang'ono sikagona, sikadzuka, kamangolamula zamisala. Mankhwala ake n'kuzula pulagi, kudikira kanyale kobiriwira kazimiretu, ndiye n'kuyatsanso. Amayi ankavomera bwinobwino. Koma ana a panja akangokuwa kuti magetsi abwera, iwo anali atafika kale pasoketi.

"Achemwali, mudzawatafunitsa alamu anga," ankatero amalume, akuwongola tepi ndi chala.

Atatopa, anabwera ndi kabokosi kosungiramo sopo, m'kati muli mawaya ndi kachitsulo kolira kuti tha. Mphamvu ikangoyamba kutsika, kankaidula yonse nthawi imodzi, ndipo sikankalola deki kuyaka mpaka magetsi atakhazikika. Kankagwira ntchito, mpaka lero ndingachitire umboni. Ndinalemba m'kabuku kanga kuti mavuto atha. Umwana ndithu.

Lamlungu lina masana, kunja kuli mvula, m'nyumba mukununkha zovala zosauma, tinakhala pansi kuonera, amalume ali pomwepo. Bambo ali pakati pa malangizo, dzanja lili m'mwamba, kabokosi kanati tha. Sikirini bii, koma babu likuyakabe. Amayi anayang'ana babu, n'kuyang'ana amalume.

"Magetsi si awa? Ndiye iwe wawadula pakamwa chifukwa chiyani?"

Amalume anayambanso za kachipangizo kaja. Amayi sanadikire. Anazula kabokosi, kukaponya pawindo, n'kulumikiza deki kukhoma. Bambo anabwerera, anamaliza mawu awo, ndiye babu linafiira. Mota inabuula. Pamene amalume ankatsegula deki, tepi inali itapotana ngati matumbo a nkhuku. Anadula pophwanyikapo, analumikiza ndi selotepi, ndipo gule wa bambo anathera pomwepo. Amalume anachoka osatsanzika, ambulera yawo n'kuiwala.

Ndinawakwiyira amayi mpaka mvula inatha, mwakachetechete monga mwa khalidwe langa. Ndinkaganiza kuti sanamve zimene amalume ankanena. Anamva zonse. Chimene sindinkachidziwa n'chakuti mkazi sangakhale phee pampando, mwamuna wake akutsekedwa pakamwa, nyale ikuyaka.