Galimoto imene madala anamanga ku Al Waab

Galimoto ija inabwera m'mabokosi. Ndinali nditatha zaka zitatu ndikuyendetsa abwana ku Al Waab, mumzinda wa Doha, pamene lole inatsitsa katunduyo pageti, wochokera ku Mangalande, abwana n'kutiuza kuti m'menemo muli galimoto. Ndinaseka chamumtima. Abwana athu sankadziwa n'komwe pothirira madzi a mawaipa.

Amene anaimanga anali madala ena a ku Mangochi, osamalira maluwa panyumbapo. Kwathu anakhala zaka zambirimbiri pansi pa maminibasi ku Limbe, koma ejenti amene anawabweretsa anawalembetsa kuti ndi wam'munda. Ku Doha chimene chalembedwa pa ID ndiye iweyo. Wam'munda sankaloledwa kutenga laisensi, ndipo palibe galaja imene ikanamulemba ntchito. Abwana ataona mmene madalawo ankagwirira sipanala, anawalonjeza ine ndili pomwepo kuti galimotoyo ikapambana mayeso n'kulandira istimara, kakhadi kololeza galimoto kuyenda pamsewu, adzawasinthira ID kuti ikhale ya makaniko.

Kuyambira tsiku limenelo madala sanalinso munthu wogona masana. Akathirira maluwa m'mawa ankalowa m'galaja, n'kutuluka pa nthawi ya swala basi. Buku la malangizo linali la Chingerezi chovuta, ndiye ankangoona zithunzi, zina n'kumazidziwa ndi manja. Abwana anayamba kuwabweretsera tiyi ndi dzanja lawo. Ine, amene ndinkanyamula ana awo tsiku lililonse, ankandiitana ndi hutala. Ndisabise, zinkandiwawa. Komanso ndinkaona patali: madala akapeza laisensi, nyumba imodzi idzafuniranji madalaivala awiri?

Patatsala masiku awiri kuti tipite kumayeso, madala anandiitana masana.

"Achimwene, tatsekani chitseko tione malaiti."

Ndinatseka, m'galaja munada, iwo n'kuyatsa. Kuwala kunagwa pakhoma, kotsika kumanja, kokwera kumanzere. Madala anayeza ndi chingwe, n'kugwedeza mutu mokhutira. Kwa munthu wa ku Limbe malaitiwo anali bwinobwino, chifukwa kwathu timayenda kumanzere kwa msewu, ndipo kuwala kumakwera cha kumene kuli oyenda pansi. Ku Doha timayenda kumanja. Malaiti otero amathobwa m'maso aliyense wobwera kutsogolo. Ogulitsa a ku Mangalande aja anaika chiwongolero mbali yoyenera, koma malaiti anatumiza a kwawo. Madala akanadziwa bwanji, munthu woti sanagwirepo chiwongolero m'dziko lija?

Ine ndinaona nthawi yomweyo.

"Zili bwanji?" anandifunsa.

"Zili bho, madala. Mafi mushkila, palibe vuto."

Tsiku la mayeso galimotoyo inakwezedwa palole, popeza inalibe nambala. Abwana anaitana anzawo asanu, onse atavala zoyera kuti mbee, mafoni m'manja. Madala anavala malaya awo a Lachisanu. Woyeza anaona nambala yodindidwa pachitsulo, anayesa mabuleki, anayeza utsi, analowa kunsi ndi tochi n'kutuluka osapeza kanthu. Kenako woyezayo anakankhira makina kutsogolo kwa malaiti, anayang'ana kamodzi, n'kulemba papepala. Galimoto yalephera.

Chinali chinthu chaching'ono, chongogula malaiti ena. Koma anzawo a abwana anaphulika ndi phwete. Mmodzi anati galimotoyo ikufuna kubwerera kwawo. Wina anayandikitsa foni kumaso kwa madala, n'kuwauza kuti atambasule dzanja lamanja tione ngati amalidziwa. Madala, posokonezeka, anatambasuladi. Anthu aja anachita kugwirana mapewa ndi kuseka.

Abwana nkhope inachita kuti bii. Anatembenukira kwa ine.

"Iwe, umayenda pamsewu tsiku lililonse. Sunaone?"

"Ine ndine dalaivala chabe, bwana," ndinatero. "Makaniko ndi awa."

Anasekanso, ndipo ine ndinaseka nawo. Zinandikoma, ndikuvomera. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi isanu ndi iwiri chibwerere mabokosi aja, abwana anandigwira paphewa.

Pobwerera madala anagwira chitseko cha galimoto yaikulu imene ndinkayendetsa kuti akwere. Abwana anatsitsa galasi pang'ono.

"Khalas, basi. Peza njira wekha. Uphunzire mbali imene magalimoto amayendera kuno."

Unali mwezi wa Julaye, dzuwa lili paliwombo, kudera la mafakitale kumene mthunzi ndi wa mapolo a magetsi okha. Ndinawaona pagalasi ataima ndi malaya awo oyera. Abwana anati yalla, tiye, ine n'kuponda mafuta. Madala anafika kunyumba cha m'ma faifi, milomo itang'ambika, ndipo asanamwe madzi abwana anawatuma kukathirira kapinga.

Malaiti atsopano anabwera patapita milungu itatu. Amene anawamanga ndi madala omwewo, mphindi makumi awiri zokha. Ulendo wachiwiri iwo anatsala panyumba. Galimoto inapambana, nambala inamangidwa, ndipo amene anailowetsa pageti ndi ine. Abwana ankauza aliyense kuti anaimanga okha.

Za ID madala anafunsa kamodzi. Abwana anayankha ali pafoni, osawayang'ana, kuti iwo analonjeza makaniko, osati munthu wosadziwa kumanja ndi kumanzere. Anawawonjezera ntchito yotsuka galimotoyo m'mawa uliwonse, koma anawaletsa kukhala pampando.

Lachisanu lotsatira, madala atachokera kumzikiti, anandipeza ndikusita yunifolomu m'chipinda chathu. Anakhala pabedi panga, chinthu chimene sankachita. Ndinadziwa kuti nthawi yakwana, ndipo ndinali nditakonza kale bodza.

"Achimwene," anatero, "nkhani ya malaiti ija sikundigonetsa."

Ndinaimika simbi.

"Bwana anakufunsani inu pagulu chifukwa cha mistake yanga. Akanatha kukuchotsani ntchito, inu muli ndi ana aang'ono kumudzi. Ndinakuchititsani manyazi, mwana wakwathu. Mundikhululukire."

Anatambasula manja onse awiri, ngati mmene timachitira kwa akuluakulu. Ndinawagwira manjawo, okhakhala, odzaza zipsera za sipanala, ndipo ndinawauza kuti ndawakhululukira.