Chaka chomwe ndinabisa mbewu

Ndinakwatiwa chitengwa ku Mitundu, koma kwathu ndi ku Nathenje, ndipo n'komwe ndinalembetsa foni yanga kuti izilandira mauthenga a zanyengo. Alangizi a zaulimi anatiuza kuti wolosera si munthu ayi, ndi makompyuta ophunzitsidwa kuwerenga mitambo ndi kagwedwe ka mvula ka zaka zambirimbiri. Ine ndi liuma langali ndinawakhulupirira kuposa abusa.

Chaka chimenecho tinali ndi paketi imodzi yokha ya mbewu ya chimanga. Ikanapserera m'nthaka, panalibenso ina. Mvula yoyamba itakhathamiritsa minda, uthenga unalowa: musadzale, kukubwera ng'amba yaitali. Apongozi anga aamuna anali atawerenga kale zawo. Mphepo inkachokera kumpoto, nyerere zinkasamutsa mazira, mitambo inali itakhazikika pa Dzalanyama. Poti mwambo sunkatilola kulankhulana maso ndi maso, anatuma amuna anga.

"Bambo akuti mawa tidzale."

"Mukawauze kuti foni yakana."

"Mawu amenewo ndikawayambe bwanji kwa bambo anga? Tulutsani mbewuyo, mayi."

Sindinatulutse. Ndinakaikwirira m'thumba la madeya.

Mudzi wonse unadzala. Ine m'mawa uliwonse ndinkayang'ana kumwamba n'kumapempherera dzuwa, mlimi wamtundu wanji ameneyo? Mvula sinaleke. Chimanga cha anzathu chinamera mpaka kuyamba kupaliridwa, mizere yathu ili udzu wokhawokha. Apongozi akandiona ankapatuka monga kale, koma tsopano ankapatukira kutali. Pachitsime amayi ankafunsana mokweza ngati foni imapita kuchigayo. Ndinkachita mantha, ndipo amuna anga anasiya kundiyankhula.

Kenako ndinakwera kabaza kupita kwathu kukafunsa alangizi aja. Titayandikira Nathenje, matope anatha, tinalowa m'fumbi. Nthaka inali gwaa. Alangiziwo anawerenga uthengawo kawiri n'kundibwezera foni.

"Uthengawu ndi wa kuno, mayi. Makinawo sadziwa kuti munakwatiwa."

Ndinathamangira kwa amayi anga ondibereka, omwe alibe foni. Ndinawapeza m'munda atawerama, akufukula mapando ndi chala n'kumatulutsa njere zomwe zinamera n'kuferamo. Anali atadzala mbewu yawo yonse ndi mvula yoyamba ija.

"Mvula yatinamiza, mwana wanga," anatero osadzutsa mutu. "Nanga akanadziwa ndani?"

Ndinagwada pafupi nawo n'kufukula phando lotsatira.